Wotchi Si Mfumu

Tonse timamuyamikira munthu wosunga nthawi. Amadzuka tambala woyamba atangolira. Amalawirira kumunda mame asanakamuke. Nthawi yodya amaidziwa, nthawi yogona amaidziwanso. Akanena kuti abwera Lachitatu, amabweradi Lachitatu. Munthu wotere ntchito imamuyendera bwino, ndipo anthu amamukhulupirira.

Koma taganizani za mchere. Mchere ndi wabwino mu ndiwo. Nanga ukachuluka? Ndiwo zija sizidyeka, ngakhale ikhale nkhuku. Kusunga nthawi ndi kudziletsa kulinso chimodzimodzi. Kukapyola muyeso kumapweteka mwini wake, kumapwetekanso a pabanja pake. Iyi ndiyo nkhani imene tikambirane lero.

Ndondomeko ndi chiyani?

Ndondomeko ndi dongosolo la zimene munthu amachita tsiku ndi tsiku: ichi poyamba, ichi pambuyo, ichi nthawi yakutiyakuti. Kudziletsa ndi kutha kudziuza wekha kuti, "Ayi, ndiyambe ndagwira ntchito," pamene thupi likufuna kukhala pansi. Zinthu ziwirizi ndi zothandiza. Sitikunena kuti muzitaye ayi.

Vuto limayamba pamene ndondomeko yauma gwa, osapindikanso. Munthu saonanso ngati kunja kwasintha, ngati thupi ladwala, kapena ngati mwana akulira. Amangoti, "Lamulo langa ndi limeneli basi." Pamenepo wotchi yasanduka mfumu, ndipo mwini wotchi wasanduka kapolo.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyambe ndi nkhani imene idachitikadi. Idachitika kutali, koma mayi aliyense amene adayamwitsapo mwana aimva msanga.

Dokotala wa ku New Zealand

New Zealand ndi dziko la zilumba, kutali kwambiri, kupitirira Australia. Kumeneko kudali dokotala wina dzina lake Truby King. Adabadwa mu 1858, namwalira mu 1938. Kwa zaka zambiri iye ankayang'anira chipatala cha odwala misala pamalo otchedwa Seacliff, pafupi ndi mzinda wa Dunedin. Chipatalacho chidali ndi munda ndiponso ziweto. Dokotalayu ankakonda kuyang'anitsitsa kadyetsedwe ka ana a ng'ombe. Adaona kuti akawasamalira bwino pa kamwedwe ka mkaka, ambiri ankapulumuka ku matenda otsekula m'mimba.

Masiku amenewo makanda a anthu ankamwaliranso ambiri chifukwa cha kutsekula m'mimba, makamaka amene ankamwa mkaka wa m'botolo wosasamalika. Tsono mu 1907 King adayambitsa bungwe lothandiza amayi ndi ana mumzinda wa Dunedin. Bungweli lidadziwika ndi dzina loti Plunket, potengera dzina la mkazi wa bwanamkubwa wa dzikolo, amene ankalithandiza. Anamwino ake ankayendera amayi m'makomo, kuyeza ana pa sikelo, ndi kupereka malangizo. Mu 1913 King adatulutsa buku la kaleredwe ka makanda. Mu 1917 adaitanidwa ku Britain kuti akaphunzitsenso kumeneko.

Tisamunyoze munthu ameneyu. Zambiri zimene ankaphunzitsa zidali zabwino ndithu. Ankati mkaka wa m'mawere ndiwo chakudya choposa zonse kwa khanda. Ankalimbikitsa ukhondo, mpweya wabwino, ndi kuyeza mwana kawirikawiri. M'zaka zimenezo imfa za makanda zidatsika kwambiri m'dziko lake, ndipo anthu adamulemekeza.

Koma padali lamulo limodzi louma. Lamulolo linkati khanda liziyamwa potsata wotchi, pakatha maola anayi alionse: 6 koloko m'mawa, 10 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndi 10 koloko usiku. Kuchokera 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, bere ayi. Mwana akalira nthawi isanakwane, alire. Kumunyamulanyamula ankati ndi kumusasatitsa. King ankakhulupirira kuti mwana wozolowera wotchi ali khanda adzakula womvera ndi wodziletsa.

Usiku m'nyumba muja

Taganizani za mayi amene ankatsata lamulo limeneli. Nthawi ili 2 koloko usiku. Khanda likulira momvetsa chisoni. Mawere adzaza, akupweteka, mkaka ukudontha. Mtima ukumuuza kuti, "Mtenge mwanayo." Wotchi ikumuuza kuti, "Kwatsala maola anayi." Mayi amene ankamvera wotchi ankatamandidwa kuti ndi wodziletsa. Amene ankayamwitsa mobisa ankadziona ngati wolephera.

Lero tikudziwa chifukwa chake lamuloli silidali labwino.

Choyamba, kamimba ka khanda ndi kakang'ono kwambiri. Mkaka wa m'mawere sukhalitsa m'mimba, umagayika msanga. Khanda longobadwa kumene limafuna kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku, kuwerengera usana ndi usiku. Lamulo la King linkalola maulendo 5 okha.

Chachiwiri, bere lili ngati chitsime cha mumchenga. Mukatunga madzi, ena amabwera. Mwana akamayamwa, thupi la mayi limalandira uthenga woti lipange mkaka wina. Koma bere likakhala lodzaza nthawi yaitali, thupi limaona ngati mkaka sukufunika, ndiye limachepetsa. Kuyamwa kwa usiku kumathandiza kwambiri kuti mkaka usachepe.

Chachitatu, mkaka ukakhalitsa m'bere, bere limatupa, limauma, ndipo lingathe kudwala.

Tsono taonani zimene zinkachitika kwa amayi ambiri. Chifukwa choyamwitsa mwa apo ndi apo, mkaka unkachepa. Mwana sankanenepa. Mayi ankaganiza kuti thupi lake ndilo lolephera. Mapeto ake ankagula botolo. Botolo lomwe lija King ankaliopa! Lamulo lidaikidwa kuti liteteze kuyamwitsa, koma chifukwa chouma, lidaononga kuyamwitsa komweko.

Madokotala adasintha maganizo

Pang'ono ndi pang'ono anthu adayamba kuona cholakwikacho. Mu 1946 dokotala wa ku America, Benjamin Spock, adatulutsa buku limene lidalimbikitsa makolo kuyang'ana mwana wao ndi kukhulupirira nzeru zao. Bukulo lidawerengedwa ndi anthu miyandamiyanda. Mu 1991 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za ana, la UNICEF, adayambitsa ntchito yolimbikitsa kuyamwitsa m'zipatala. Mfundo imodzi ya ntchitoyi idali yoti mwana aziyamwa nthawi iliyonse imene wafuna. Mu 2001 bungwe la WHO lidalangizanso kuti khanda liziyamwa bere lokha, osapatsidwa madzi kapena phala, kwa miyezi 6 yoyamba.

N'chifukwa chake lero ku sikelo mumamva kuti muziyamwitsa mwakathithi, usana ndi usiku. Amakuphunzitsani kuyang'ana mwana. Akayamba kutembenuza mutu ngati akufunafuna, kunyambita milomo, kapena kuika dzanja m'kamwa, ndiye kuti njala yamugwira. Kulira kumabwera pambuyo, njala itakula kale. Agogo athu amene ankabereka mwana kumbuyo, namupatsa bere akangoyamba kufunafuna, pa nkhani iyi adali olondola.

Koma mverani ichinso. Khanda likabadwa masiku asanakwane, kapena likakhala lofooka ndi logona kwambiri, anamwino angakuuzeni kuti muzilidzutsa pa maola akutiakuti kuti liyamwe. Apo tsatirani wotchi. Kusiyana kwake ndi kotani? Apa wotchi ikuthandiza kuti mwana asagone ndi njala. Kuja wotchi inkamugoneka ndi njala.

Kuchokera m'nkhaniyi titenge funso limodzi loti tizidzifunsa: "Kodi lamulo ili ndidaliika kuti lindithandize chiyani? Nanga lero likuthandizabe chimenecho?"

Thupi lanu nalonso limalira

Munthu wamkulu salira ngati khanda. Koma thupi lake lili ndi kaliridwe kake: mutu kupweteka, chizungulire, kusinza masana, kuiwalaiwala, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Munthu wodzipanikiza samva kulira kumeneku. Amakutcha ulesi.

Tiyerekeze bambo amene adadziikira lamulo loti sachoka kumunda asanamalize ndime. Ndi lamulo labwino, ndipo lamuthandiza zaka zambiri. Lero wadzuka thupi likutentha, m'mfundo mukuphwanya. Mkazi wake akuti, "Bambo, pitani kuchipatala." Iye akuti, "Ine sindidajombepo kumunda." Wanyamula khasu, ulendo. Mawa chimodzimodzi. Mkuja walephera kudzuka, anthu amunyamula pa njinga.

Malungo sadikira ndime. Alangizi a zaumoyo amati thupi likatentha, kayezetseni magazi pasanathe maola 24. Bambo uja adakana kutaya tsiku limodzi. Tsopano wataya masabata awiri, udzu wakula m'munda, ndalama zathera ku mayendedwe. Lamulo lija adaliika kuti banja lisagone ndi njala. Kodi pa tsiku limenelo lidathandiza?

Mlimi wa ng'ombe zapagoli amadziwa bwino zimenezi. Amalima m'mamawa, ndipo dzuwa likakwera amazimasula kuti zidye, zimwe madzi, zipume. Amadziwa kuti akazikakamiza tsiku lonse, sabata yamawa sizikoka pulawo. Zodabwitsa ndi zakuti anthu ena amachitira chifundo ng'ombe, koma osadzichitira chifundo iwo eni.

Ntchito yopyola muyeso imapha

Izi si zongokamba. Ku Japan anthu amadziwika ndi kulimbikira ntchito ndi kusunga nthawi. Komweko kuli liu loti karoshi, kutanthauza kufa chifukwa cha ntchito yopyola muyeso. Nkhani yoyamba yodziwika idachitika mu 1969. Bambo wa zaka 29, wogwira ntchito pa kampani ina ya nyuzipepala, adamwalira ndi sitiroko, matenda aja amene amapha ziwalo mwadzidzidzi. Pambuyo pake nkhani zotere zidachuluka. Ena ankakakamizidwa ndi mabwana ao. Ena ankadzikakamiza okha, poopa manyazi kuweruka anzao akadali pa ntchito. Mu 2014 dzikolo lidakhazikitsa lamulo lolimbana ndi imfa zotere, ndipo kuyambira mu 2019 lidaika malire a maola owonjezera.

Vutoli si la ku Japan kokha. Mu 2021 bungwe la WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la ILO, adalengeza zimene adapeza atafufuza. Adawerengera kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse adamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ambiri mwa iwo adali amuna. Maola 55 ndi angati? Ndi maola opitirira pang'ono 9 pa tsiku, kwa masiku 6.

Adapezanso izi. Titenge magulu awiri a anthu, ofanana kuchuluka. Gulu loyamba limagwira maola 35 mpaka 40 pa sabata. Gulu lachiwiri limagwira maola 55 kapena kuposerapo. Ngati m'gulu loyamba anthu 100 adwala sitiroko, m'gulu lachiwiri adwala anthu pafupifupi 135.

Kuno ku Malawi, lamulo la ntchito la mu 2000 limati maola a wantchito wolembedwa asapitirire 48 pa sabata, kupatula maola owonjezera aja amati ovataimu. Limamupatsanso tsiku lopuma pa sabata. Koma mlimi, wa geni, telala, wa kabaza, alibe womuuza kuti, "Weruka." Kapitawo wake ndi iye mwini. Tsono dzifunseni: kodi ndinu kapitawo wotani kwa inu nokha?

Tikudziwa kuti ambiri sagwira ntchito yaitali mwa kufuna kwao. Umphawi ndiwo umawakakamiza. Nyengo yobzala ndi yopalira siilola munthu kugona, ndipo zimenezo ndi zoona. Koma nyengo yotere ili ndi mapeto ake. Choopsa ndi kusandutsa liwiro la nyengo imodzi kukhala lamulo la chaka chonse.

Kumbukiraninso tulo. Akatswiri a zaumoyo amati munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo. Kudzuka 4 koloko ndi bwino ngati mudagona msanga. Koma ngati mudachezera ndi wodwala mpaka pakati pa usiku, kudzukabe 4 koloko chifukwa cha lamulo si nzeru. Munthu wosowa tulo amadzitema ndi nkhwangwa, amasinza pa njinga, amalakwitsa chenji.

Kuphonya tsiku limodzi si kulephera

Pali kuipa kwina kwa lamulo louma, ndipo kumeneku kumachitika mumtima. Tiyerekeze mayi amene adalonjeza kuti madzulo alionse aziwerenga tsamba limodzi la buku, osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Wachita bwino kwa mwezi wathunthu. Kenaka kwagwa maliro kwao. Wakhalako masiku atatu. Pobwera akuti, "Ndaphwanya lonjezo langa. Ine ndine wolephera basi." Buku lija waliika pansi pa mphasa, osalitsegulanso.

Mwaona? Masiku atatu sakadamuiwalitsa kuwerenga. Chimene chamugwetsa ndi lamulo loti "osaphonya ngakhale tsiku limodzi." Lamulo lotere lili ngati dzira: likangosweka, mwini wake amati palibenso chotola. Izi zimachitikanso kwa wosunga ndalama, kwa wochepetsa shuga mu tiyi, ndi kwa aliyense amene akuphunzira chizolowezi chatsopano.

Akatswiri ena pa yunivesite ya University College London ku Britain, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, adafufuza nkhani imeneyi, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2009. Adatenga anthu 96. Aliyense adasankha chinthu chimodzi chatsopano choti azichita tsiku lililonse, monga kudya chipatso kapena kuthamanga pang'ono. Adawatsatira kwa masabata 12.

Adapeza zinthu ziwiri. Choyamba, anthu amasiyana. Adawerengera kuti wina chizolowezi chimamulowa m'masiku 18 okha, pamene wina chingamutengere masiku 254. Wapakatikati zinkamutengera masiku 66. Choncho musadziyerekeze ndi mnzanu. Chachiwiri, kuphonya tsiku limodzi sikudaononge chizolowezi. Amene adaphonya, napitiriza tsiku lotsatira, adapitabe patsogolo.

Makolo athu adanena kale kuti dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Mwaphonya dzulo? Yambiraninso lero, pomwe mudalekezera. Simufunika kudzilanga powerenga masamba khumi usiku umodzi ayi.

Lamulo louma limapweteka a pakhomo

Munthu amene amadzikhaulitsa yekha sachedwa kukhaulitsa anzake. Bambo adalamula kuti nsima izifika pa mphasa 12 koloko. Lero pa mjigo padali mzere wautali, madzi achedwa, nsima yachedwa ndi theka la ola. Bambo wakwiya, wakana kudya, wakalipira nyumba yonse. Nsima ija yazizira, ana adya mwamantha. Kodi nthawi yodyera idaikidwa kuti ithandize chiyani? Idaikidwa kuti banja lidye pamodzi mwamtendere. Mtenderewo uli kuti?

Ana okulira m'nyumba yotere amaphunzira kuopa. Ambiri amaphunziranso kunama, pakuti kunena zoona kumawadzetsera mkwapulo. Mwana amafunikadi dongosolo: nthawi yopita kusukulu, nthawi yosamba, nthawi yogona. Koma amafunikanso kholo limene limayamba lafunsa kuti, "Wachedwa chifukwa chiyani?" lisanaweruze.

Ndiponso moyo wa pamudzi suyenda ndi belu. Mlendo amafika osauza. Mnansi amadwala usiku. Maliro salengeza tsiku. Munthu amene nthawi zonse amati, "Sindingabwere, ino ndi nthawi yanga ya zakutizakuti," tsiku lina adzafuna omunyamula, ndipo adzaona pakhomo pali zii. Paja amati mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale munda womwewo sumvera kalendala. Mlimi amene amati, "Ine ndimabzala tsiku lakuti chaka chilichonse," angathe kutaya mbewu m'dothi louma, pakuti mvula siwerenga masiku. Mlimi wanzeru amakonzeratu munda, mbewu ndi feteleza nthawi ikadalipo. Apo ndiye pofunika kudziletsa. Koma tsiku lobzala amaliona kumwamba ndi m'dothi, mvula yokwanira ikagwa.

Malamulo amene sapindika

Tsono wina angati, "Basi, kuyambira lero ndizichita zinthu mmene ndafunira." Ayi, mwamva molakwa. Pali zinthu zina zimene nthawi yake siyenera kusinthidwa, chifukwa moyo weniweniwo wadalira pamenepo.

Mankhwala a ma ARV amamwedwa tsiku lililonse, pa nthawi yake. Mankhwala a TB amamwedwa mpaka kumaliza, kawirikawiri kwa miyezi 6, ngakhale chifuwa chitasiya. Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, osalekeza panjira poti thupi lazizira. Mapiritsi olera amamwedwa tsiku ndi tsiku. Katemera wa mwana ali ndi masiku ake olembedwa m'buku la kusikelo.

Chifukwa chiyani apa tikuumirira? Chifukwa tizilombo toyambitsa matenda sitipuma. Mukamadumphadumpha mankhwala, tizilombo timapeza mpata wochulukana, ndipo tingathe kuzolowera mankhwalawo mpaka osagwiranso ntchito. Mukafunsa funso lathu lija, loti "Kodi lamuloli likuthandizabe chimene lidaikidwira?" yankho lake apa ndi inde, tsiku lililonse, pa maliro ndi pa ukwati pomwe. Choncho ponyamuka ulendo, mankhwala alowe m'thumba poyamba.

Koma ngakhale pamenepa, musachite ngati mayi wa buku uja. Mukaiwala kumwa tsiku lina, musataye mtima ndi kusiyiratu. Musabisenso chifukwa cha manyazi. Pitani mukawauze a chipatala, akuuzeni chochita.

Mungachite chiyani?

1. Gawani malamulo anu pawiri. Mbali imodzi ikani osapindika, monga mankhwala ndi katemera. Amenewa ndi ochepa. Mbali ina ikani opindika, monga nthawi yodzuka, kukula kwa ndime, nthawi yodya ndi yowerenga. Amenewa ndi ambiri.

2. Pa lamulo lililonse dziwani cholinga chake. Mukaiwala cholinga, mudzatumikira lamulo chabe.

3. Siyani mpata. M'malo monena kuti "tsiku lililonse osaphonya," nenani kuti "masiku asanu pa sabata." Dengu lodzaza mpaka pakamwa limatayikira panjira.

4. Khalani ndi muyeso wa tsiku lovuta. Ngati simungathe tsamba lonse, werengani mizere itatu. Ngati simungathe ndime yonse, limani mizere ingapo, mukapume. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

5. Ikani kupuma m'kati mwa ndondomeko yanu. Tsiku lopuma ndi tulo tokwanira ndi mbali ya ntchito, monga kunola khasu kuli mbali ya kulima.

6. Mverani a pakhomo panu. Mkazi, mwamuna kapena mwana akakuuzani kuti, "Mwatopa, mwayamba kukalipa," musakwiye. Iwo amaona zimene inu simuziona.

7. Mukaona kuti mtima sukhazikika mukangophonya kanthu kakang'ono, tulo sitibwera, ndipo mukubwerezabwereza chinthu chimodzi mopanda kufuna, kambiranani ndi a chipatala. Nkhawa yopyola muyeso ndi matenda ngati ena onse, ndipo thandizo lilipo.

Dokotala King adafuna zabwino, ndipo amayi amene adamumvera adafunanso zabwino. Cholakwika chidali chimodzi: maso adali pa wotchi, pamene mwana adali pambali pomwepo akulira. Inunso sungani nthawi, limbikirani ntchito. Koma mukayang'ana wotchi, yang'ananinso thupi lanu, ana anu, ndi kumwamba kumene mvula imachokera.

Mafunso okambirana

1. Kodi Truby King ankati khanda liziyamwa maulendo angati pa tsiku? Nanga khanda longobadwa kumene limafuna maulendo angati?

2. Fotokozani chifukwa chake mkaka wa mayi umachepa mwana akamayamwa mwa apo ndi apo.

3. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti thupi la munthu wamkulu likufuna kupuma.

4. Kodi mayi amene adasiya kuwerenga atabwera ku maliro mukadamulangiza chiyani?

5. Tchulani zinthu zitatu zimene nthawi yake siyenera kusinthidwa. Chifukwa chiyani?

6. Lembani m'kope lanu lamulo limodzi limene mudadziikira. Pansi pake lembani cholinga chake. Kodi likuthandizabe?